Asoli a ku Chongwe ndi Mbiri Yosungidwa M'mutu

Mtsinje wa Chongwe umayambira chakumpoto kwa mzinda wa Lusaka, n'kutsetsereka m'zigwa ndi m'mapiri mpaka kukathira mu Zambezi. Dziko limene umadutsali ndi la Asoli. Tauni ya Chongwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera mumzinda, pamsewu waukulu wolowera ku Chipata, ndipo ambiri a ife timangoidziwa ngati malo amene basi imachepetsa liwiro. Koma eni dera lino analipo msewu usanalambulidwe, Lusaka asanakhale mzinda. Mbiri yawo inatha zaka mazanamazana isanaone pepala. Inkachoka pakamwa pa malume n'kulowa m'khutu la mwana wa mlongo wawo, ndipo woilandirayo ankaisunga m'mutu mpaka naye atamera imvi. Wofotokoza mbiri ya Asoli sangathawe kufotokozanso za chosungira chimenechi, pakuti mutu wa munthu subweza chinthu mmene unachilandirira.

Zakale kwambiri palibe amene amazikumbukira. Kuphanga la Leopard's Hill, kum'mwera chakum'mawa kwa Lusaka, akatswiri ofukula zakale anapeza zida zamiyala za alenje amene ankagona m'menemo zaka zikwi zambiri zapitazo. Ku Kapwirimbwe, kumene lero kwadzaza nyumba za mumzinda, anafukula mapale ndi zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo za m'zaka za m'ma 400. Anthu amenewa ankalima, ankasula, ankabereka ana, koma ngakhale dzina la mmodzi silinatifike. Chimene chinatsala m'nthano za mitundu yambiri ya chigawo chino ndi anthu aafupi amene obwera anawapeza, omwe ife Achewa timati Akafula. Mibadwo yosawerengeka inafinyidwa n'kutsala kankhani kamodzi kokambira ana asanagone.

Ukafunsa za chiyambi cha Asoli, yankho lomveka kawirikawiri ndi lakuti makolo anachokera ku Kola, kwa Aluba ndi Alunda, ku Congo. Si Asoli okha amene amatero. Abemba, Abisa ndi Alala amatchulanso Kola, ndipo nafenso timati kwathu n'ku Uluwa. Komabe lilime limanena zina. Chisoli ndi chapachibale ndi Chilenje, Chisala, Chiila ndi Chitonga, zinenero zimene zinazika mizu m'dera lino maufumu a ku Congo asanamveke. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. N'kutheka kuti kagulu kochepa ka banja lachifumu kanabweradi kuchokera kumpoto, kanapeza eni nthaka, kanakwatirana nawo n'kutengera chinenero chawo. M'kupita kwa nthawi ulendo wa mafumu unasanduka ulendo wa mtundu wonse, chifukwa mbiri ya mafumu ndi imene inkabwerezedwa pamaliro ndi polonga ufumu. Ya mlimi wamba inalibe woibwereza.

Asoli, monga ife, amatsata kuchikazi, ndipo wolowa m'malo mwa malemu amalowanso dzina. Nkomeshya, Bunda Bunda, Shikabeta ndi Mpanshya ndi maina a mipando, ndipo pampando uliwonse pakhala anthu ambiri. Mwambo umenewu umasunga ufumu, koma umasokoneza wowerenga zaka. Mkulu akanena kuti Nkomeshya anawoloka mtsinje wakutiwakuti, anagonjetsa adani, kenaka analandira azungu, mwina akunena za anthu atatu amene sanaonanepo. Ian Cunnison, amene anafufuza mbiri ya anthu a m'chigwa cha Luapula kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anamva akuluakulu akufotokoza zimene zinachitika mibadwo ingapo m'mbuyo ngati kuti anazichita okha, chifukwa dzina la wozichitayo linali tsopano lawo. Jan Vansina wa ku Belgium, amene mu 1961 analemba buku loikira kumbuyo mbiri yapakamwa pamaso pa oinyoza, anaonanso kanthu kena. Za chiyambi zimakambidwa mwatsatanetsatane, za agogo ndi makolo awo zimadziwika bwino, koma pakati pamakhala mpata waukulu umene wokambayo sauona n'komwe. Mbadwo umodzi ukatha, mpatawo umasendera kutsogolo n'kumeza maina ena. N'chifukwa chake mndandanda wa mafumu umakhala waufupi kuposa zaka zimene ufumuwo wakhalapo.

Zaka za m'ma 1800 zinali zowawa. Apwitikizi anali ndi msika ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700. David Livingstone atafikako mu Januwale 1856 anapeza mabwinja a nyumba zamiyala ndi tchalitchi chogumuka. Posakhalitsa malowo anadzukanso, ndipo m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 akuluakulu a Achikunda monga Kanyemba ndi Matakenya ankatumiza magulu amfuti kumtunda kukasaka minyanga ndi akapolo. Midzi ya Asoli inali panjira. Anthu ankathawira m'mapiri, minda inkagonera, mbumba zinabalalika.

Nthawi imeneyi imakumbukika, koma mosankha. Mudzi umene unawotchedwa umakumbukira moto. Mudzi umene unalozera achifwamba njira, kapena umene unapereka mwana wamasiye posinthana ndi nsalu ndi wonga, sukamba zimenezo pabwalo. Banja limene gogo wake anabwera ali womangidwa limangoti anachokera kutali, ndipo kutchula munthu kuti kapolo ndi mlandu mpaka lero. Allen ndi Barbara Isaacman, amene analemba buku la mbiri ya Achikunda mu 2004, anasonyeza kuti zidzukulu za Achikunda zimadzikumbukira monga ana a alenje a njovu olimba mtima ndi akatswiri opalasa mabwato, chonsecho makolo awo oyamba anali akapolo onyamula mfuti m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi kunsi kwa Zambezi. Kuiwala kotere sikuchokera ku ukalamba ayi. Ndi ntchito imene mudzi umagwira mwadala kuti mdzukulu wa wogulitsa ndi mdzukulu wa wogulitsidwa athe kudyera mbale imodzi. Pakatha mibadwo itatu ya kukhala chete, palibenso amene akubisa kanthu, chifukwa palibe amene akudziwa.

Njanji yochokera ku Livingstone inafika m'dera lino mu 1905, ndipo kasiteshoni kena anakatcha dzina la nyakwawa ya pafupi, Lusaaka. Nkhani yokambidwa kwambiri imati mudzi wake unali ku Manda Hill, kumene lero kuli Nyumba ya Malamulo. Asoli amati Lusaaka anali Msoli. Alenje amati anali Mlenje. Pa nthawiyo funsoli silikanavutitsa munthu, chifukwa midzi ya mitundu iwiriyi inali yoyandikana, anthu ankakwatirana ndipo ankamvana polankhula. Linakula pamene likulu la dziko linasamutsidwa kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, ndipo likukulirakulira pamene mtengo wa malo ukukwera. Mkuluyo akanadzuka lero akanadabwa kuona anthu ophunzira akulimbirana mtundu wake.

Cha m'chaka chomwecho cha njanji, wansembe wa chipani cha Jesuit, Jules Torrend, anatsegula mishoni ya Kasisi, kufupi ndi kumene kuli bwalo la ndege lero. Bambo Torrend anali wokonda zinenero. Ndi iwo anafalitsa dzina lakuti Bantu Botatwe potchula gulu la zinenero zapachibale ndi Chisoli, ndipo mu 1931 anatulutsa dikishonale yake. Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti ankajambula nthano ndi nyimbo za anthu pa makina a galamafoni akalekale aja, ndipo mu 1921 anazisindikiza m'buku. Kwa nthawi yoyamba mawu a wokamba nthano wa dera lino anaima malo amodzi. Koma chimene makinawo anagwira ndi kakambidwe ka tsiku limodzi, ka munthu mmodzi, ali pamaso pa mzungu ndi chitsulo chachilendo. Mawa lake kumudzi, ana atazungulira moto, nthano yomweyo ikanatuluka mwina.

Chifukwa chake anachifotokoza Frederic Bartlett wa ku Cambridge m'buku lake la mu 1932. Iye ankapatsa anthu a ku England nthano ya Amwenye a ku America kuti awerenge, kenaka ankawauza kuti aibwereze patapita masiku, miyezi, ngakhale zaka. Ena ankaipatsirana, uyu kuuza uyo, uyo kuuza winanso. Nthanoyo inkafupika. Zachilendo zinkagwa m'njira kapena kusanduka zozolowereka, za mizimu zinkapatsidwa zifukwa zomveka kwa Mngelezi, ndipo wobwerezayo sankadziwa kuti wasintha kalikonse. Bartlett anati munthu akamakumbukira amakhala akumanganso chinthucho kuchokera ku tizidutswa timene tatsala, mipata n'kumaitseka ndi zimene amadziwa kale za dziko. Zili ngati nyumba yaudzu. Mwini wake amati ndi yomwe ija anamanga atakwatira, ndipo sakunama, koma denga lafoleredwa kambirimbiri, mitengo ina yasinthidwa, khoma lamatidwanso. Akatswiri a ubongo a masiku ano amavomereza. Chimene munthu anaona, chimene anamva ndi mantha amene anali nawo zimasungidwa m'mbali zosiyana za ubongo, ndipo kachigawo kotchedwa hippocampus ndi kamene kamathandiza kuzilumikiza. Mu 2000 Karim Nader ndi anzake anasonyeza pa makoswe kuti chinthu chikangokumbukiridwa chimafewa, ndipo chimayenera kusungidwanso mwatsopano.

Bartlett yemweyo anaonanso mbali ina. Ali ku Swaziland anakumana ndi mbusa amene anatchula ng'ombe zonse zimene bwana wake anagula chaka chapitacho, mtundu wa iliyonse, kwa amene inagulidwa ndi mtengo wake, ndipo poyerekeza ndi zolembedwa anangophonya pang'ono. Mutu umagwiritsitsa chimene mtima uli nacho ntchito. Mayi wa ku Chongwe amene sakumbukira chaka chimene anabadwa akhoza kukuuzani ubale wa mudzi wonse, ndani anabadwa kwa ndani, ndani sangakwatire ndani, osaphonya.

Boma la atsamunda linabwera ndi msonkho, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 linadula malo. Nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji inapita kwa alimi achizungu, ambiri a iwo Mabunu ochokera kum'mwera, ndipo eni ake anakankhidwira m'madera opatulidwira anthu akuda. Lamulo la mu 1929 linapatsa mafumu ovomerezedwa ndi boma makhoti ndi mphamvu zolamulira. Apa mbiri inasanduka chuma. Bwanamkubwa wa boma akafika paulendo, ankakhala pampando wopinda pansi pa mtengo, womasulira ataima pambali, kope lili pabondo, n'kufunsa kuti mfumu yoyamba inali yani, inabereka yani, malire ake ankalekeza pati. Oyankhawo sanali ana. Ankadziwa kuti chimene chilowe m'kopemo ndi chimene chidzasankhe amene adzalandira malipiro ndi amene adzakhale nyakwawa wamba. Amene anali kumunda tsiku limenelo, kapena amene ankaopa mzungu, mbiri yawo sinalembedwe.

Zimene zimachitika mbiri ikakumana ndi zofuna za lero zinaoneka bwino kwa Agonja a kumpoto kwa Ghana. Angelezi atalemba mbiri yawo koyamba, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anauzidwa kuti woyambitsa ufumu, Ndewura Jakpa, anali ndi ana aamuna 7, mogwirizana ndi zigawo 7 za dzikolo. Patatha zaka 60, zigawo ziwiri zitatha, Jack Goody anapeza anthu akunena kuti Jakpa anali ndi ana 5. Palibe amene anakhala pansi kupangana bodza. Ana awiriwo anangosowa chowasungira.

Pepala nalo silinangokhala m'kabati ya ku boma. Mu 1939 sukulu ya Jeanes inasamuka ku Mazabuka kubwera ku Chalimbana, m'boma lino la Chongwe, ndipo kumeneko kunkaphunzira aphunzitsi ochokera m'dziko lonse, ngakhalenso mafumu ankapitako kukachita maphunziro. Malowa lero ndi yunivesite. Zimene mabwana analemba m'makope zinalowa m'mabuku, monga la W. V. Brelsford la mu 1956 lofotokoza mitundu ya anthu a Northern Rhodesia, ndipo za m'mabukuzo zinabwerera kumudzi m'kamwa mwa aphunzitsi. Mwana amene anazimva m'kalasi mu 1958 lero ndi gogo, ndipo akamazikamba amati anazimva kwa agogo ake. Amanena ndi mtima woona. Ubongo umasunga nkhani nthawi yaitali kuposa mmene umasungira kumene nkhaniyo inachokera. Wofufuza wa lero akamva mkulu akunena zofanana ndendende ndi za m'buku amasangalala kuti wapeza mboni ziwiri, osadziwa kuti ndi mboni imodzi imene yazungulira n'kubwerera. David Henige analemba zambiri za msampha umenewu m'zaka za m'ma 1970.

Ufulu unabwera mu 1964, bwalo lalikulu la ndege linatsegulidwa mu 1967, ndipo mu 1971 Elizabeth Mulenje analowa ufumu wa Nkomeshya monga Mukamambo II, mpando umene pofika mu 2021 anali atakhalapo zaka 50. M'zaka zimenezi chinenero chathu chinalowa m'nyumba za Asoli. Chinyanja chinabwera ndi apolisi, makalaliki ndi antchito ochokera kum'mawa ndi ku Nyasaland, ndipo boma litasankha zinenero 7 zogwiritsa ntchito m'sukulu ndi pa wailesi, Chisoli sichinali pamndandanda. Mwana wa Msoli ku Chongwe amaphunzira kuwerenga m'Chinyanja. Ife tingakondwe kuti chinenero chathu chafalikira, koma tisaiwale chimene chinatayika. Mbiri yapakamwa imakhala m'nyimbo, m'maina otamandira mafumu ndi m'mawu okuluwika amene sasinthika msanga chifukwa ali ndi kayendedwe kake. Mdzukulu akaleka kumva mawuwo amatsala ndi chidule cha nkhani, ndipo chidule n'chosavuta kupinda.

Mu Novembala 1979, zokambirana zothetsa nkhondo ya ku Rhodesia zili mkati ku Lancaster House, asilikali a ku Rhodesia analowa mu Zambia n'kuphulitsa milatho ingapo pofuna kutsekereza asilikali a ZIPRA a Joshua Nkomo ndi kufinya chuma cha dziko. Umodzi unali mlatho wa pa Chongwe, pamsewu waukulu wa kum'mawa. Zotsalira zake zikuonekabe, ndipo amene anali achinyamata nthawi imeneyo akadalipo ambiri. Kuti mlatho unagwa palibe amene angatsutse, konkire yosweka ndi umboni. Koma mukakhala ndi akuluakulu atatu n'kufunsa kuti inali nthawi yanji, adaniwo anali angati, anabwera pansi kapena mumlengalenga, musadabwe mukamva mayankho atatu. Musadabwenso mukapeza kuti oona ndi maso achuluka kuposa anthu amene akanakwana pagombe. Amene anamva kuphulika ali kutali, n'kupita kukaona m'mawa mwake, n'kumva nkhaniyo ikukambidwa kwa zaka 40, mutu wake unamujambulira kale chithunzi cha moto umene sanauone.

Mafunso enieniwo amathanso kubzala zinthu. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa ophunzira a ku America kanema wa ngozi ya galimoto. Ena anawafunsa liwiro la galimotozo pamene zinagundana, ena pamene zinaphwanyana. Ofunsidwa ndi mawu aukaliwo anatchula liwiro lokwera. Patatha mlungu onse anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 a mawu aukali, 16 anati anawaona, pamene mwa 50 enawo anali 7 okha. M'kanemamo munalibe galasi losweka. Wapolisi, mtolankhani kapena mwana wasukulu wotumidwa kukafunsa agogo za nkhondo akhoza kubwerera ndi yankho limene analipereka yekha m'funso lake.

Zaka zotsatira zinabweretsa anthu atsopano ndi zikumbutso zatsopano. Mu 1988 boma linatsegula malo a Kanakantapa kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni akalime, ndipo anafika anthu a mitundu yonse, aliyense ndi mbiri yakwawo. Chilala cha 1992 chimakumbukika ndi chimanga chachikasu cha thandizo, mwakuti anthu ambiri amawerengera zaka za ana awo kuchokera pamenepo. Kenaka usiku wa pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali yonyamula timu ya mpira ya dziko inagwera m'nyanja kufupi ndi Libreville, ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Funsani aliyense wa zaka zopitirira 45, adzakuuzani pamene anali, wailesi imene inalengeza, munthu amene anayamba kulira. Nkhani zotere timazikhulupirira kuposa zina zonse chifukwa zimawala m'mutu. Koma Ulric Neisser anayesa zimenezi chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chitaphulika mu Januwale 1986. M'mawa mwake anauza ophunzira ake kuti alembe mmene anamvera uthengawo. Patatha zaka ziwiri ndi theka anafunsanso 44 mwa iwo, ndipo 11 anaphonya chilichonse, malo, nthawi ndi amene anawauza. Ambiri anali otsimikiza kotheratu, ndipo ena ataonetsedwa zimene analemba ndi dzanja lawo anavomera kuti dzanjalo ndi lawo koma anakanabe kuti zinachitika choncho.

Pali njira ina yosungira zakale imene siidalira kwambiri mawu. Chaka chilichonse mvula ikayandikira, cha mu Okutobala, Asoli a kwa Nkomeshya amachita mwambo wa Chakwela Makumbi. Mfumukazi imapita ndi akuluakulu kumanda a mafumu kukapempha makolo ndi Mulungu kuti mvula igwe bwino. Kenaka imapita kumunda wachifumu, imayatsa moto pa zinyalala zimene zaunjikidwa posadza, imagwira khasu n'kubzala mbewu zoyamba, anthu akuonerera. Ikatero ndiye kuti nyengo yolima yatsegulidwa. Mwana amene waima pamenepo sakuuzidwa chaka kapena dzina, koma akuona kumene kuli manda, akuona amene amayenda patsogolo ndi amene amatsatira, akumva ng'oma. Zimene thupi lachita mobwerezabwereza pamalo amodzimodzi zimakhalitsa kuposa zimene khutu langomva. Ngakhale zili choncho, mwambo nawo umavala za nthawi yake. Lero pali matenti, zokuzira mawu, mlendo wolemekezeka wochokera ku boma ndi makampani opachika nsalu zawo. Abale athu Angoni anaukitsa Nc'wala mu 1980 atakhala zaka pafupifupi 80 osavina, ndipo anachita kufunsa nkhalamba zimene zinatsala kuti zinkayenda bwanji. Chimene chinatuluka ndi Nc'wala ndithu, koma ya mu 1980.

Anthu ambiri amene amapita ku Chakwela Makumbi amachitira umboni kuti mitambo imasonkhana tsiku lomwelo. Sindikufuna kulimbana ndi chikhulupiriro cha eni mwambo. Ndingonena kuti chaka chimene mvula inagwa anthu ali pabwalo, n'kuthawira m'matenti atanyowa, chimakambidwa mpaka kalekale, pamene chaka chimene kunacha dzuwa lokhalokha sichisiya nkhani yokamba.

Tisafulumire kunena kuti akuluakulu amangolota. Nkhalango ya Lusaka East, imene anthu amaidziwa ndi nambala 27, ndi kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, womwe umathira mu Chongwe. Boma linaichotsa pa nkhalango zotetezedwa mu 1983, mitengo inadulidwa, madzi anachepa. Anthu a m'mbali mwa mtsinjewo, amene ankakumbukira akasupe amene sankaphwa ngakhale m'chilimwe, anadandaula mpaka nkhalangoyo inatetezedwanso mu 1996. Kuyambira mu 2017 zigawo zina zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inafika kukhoti. M'zaka zaposachedwapa damu la tauni ya Chongwe lakhala likuuma mpaka madzi kumabwera pa magalimoto. Pamenepa zimene nkhalamba zinkanena za madzi zinagwirizana ndi zimene akatswiri anayeza. N'zoona kuti mtsinje wa paubwana umaoneka waukulu kuposa mmene unalili, popeza woukumbukirayo anali wamfupi. Koma mayi amene anatunga pachitsime chimodzi zaka 30 amadziwa mwezi umene chinkaphwa, ndipo chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, anali ndi chochiyerekeza nacho.

Lero boma la Chongwe, ngakhale Rufunsa anapatulidwa n'kukhala boma palokha, lili ndi anthu oposa 300,000 malinga ndi kalembera wa mu 2022. Lusaka akusefukira kum'mawa, mipanda ya njerwa ikumera m'minda ya mapira, ndipo Mukamambo II wakhala akulankhula mosabisa mawu za kutha kwa malo a Asoli. Milandu yambiri ya kwa nyakwawa tsopano ndi ya malire. Wina amabwera ndi kalata yokhala ndi chidindo, wina ndi kanema wa pafoni wosonyeza tsiku limene anapatsidwa malowo, wina ndi gogo wa zaka 80 amene amati malire ndi mtengo wa mpundu ndi chulu. Mtengowo unapita ku makala kalekale, ndipo zulu zilipo ziwiri. Kalatayo inalembedwa potsatira zimene munthu wina ananena pakamwa, kanemayo akuonetsa anthu akuloza koma sakuonetsa kumene chala chinalekeza. Nyakwawa zodziwa ntchito sizifunsa gogoyo kuti malire ali pachulu ichi kapena ayi. Zimamuuza kuti atsogole, ayende yekha mmene ankayendera popita kukalima ndi mayi ake, nduna zikutsatira m'mbuyo mwakachetechete. Tsiku lina zimatenganso nkhalamba ya banja linalo kuti iyende payokha, ndipo pokhapokha njira ziwirizo zitayendedwa m'pamene mlandu umabwerera pabwalo.